Imelo Imene Inatenga Tiwo

"Imelo iti, amake Tiwo? Ine sininatume imelo iliyonse. Mwana ali kuti?"

Mawuwo ankachokera kutali ku Francistown, m'dziko la Botswana, koma kwa Elina anali ngati khofi la pakhutu. Anagwira foni ndi manja awiri kuti isagwe. Foniyo inali ya Petronella, mnansi wake, amene ankaimbitsa anthu pakathebulo ka pansi pa ambulera m'mbali mwa msewu wopita kumsika wa Matero, mu Lusaka.

"Koma ba tate bake Tiwo, ni imwe munalemba," anatero Elina. "Pa Mande. Ba Whyson banapulinta, dzina lanu na adiresi yanu vili pamwamba. Munakamba ati mwapeza malo ku sukulu, ati kuzabwera ba Marjory, mukazi wa munzanu wa ku nchito, nibapatse mwana. Babwera dzulo, nabapatsa."

"Marjory sinimuziba! Ine nangopeza yankho yako lelo kuseni, ati Tiwo ayenda bwino. Ayenda kuti? Na wina wa ku Dar es Salaam anilembera va mabelo ya majekete, vinthu vamene siniziba. Elina, mwana wanga wamupatsa ndani?"

Foni inaduka. Elina anakhalabe ataiika kukhutu, akumvetsera chete.

Mathews, mwamuna wake, anapita ku Botswana kampani yawo itagulitsidwa n'kuchotsa anthu ntchito. Anasiya mkazi ndi mwana mmodzi yekhayo, Tiwo, mtsikana amene anali atangoyamba kumene sukulu. Kenaka Elina anadwala chifuwa chachikulu. Anawonda mpaka madiresi kumangolendewera, ndipo anthu a m'komboni, amene aliyense ndi dokotala akaona mnzake akudutsa, anali atamupatsa kale dzina la matenda ena aja, kaliwondewonde. Mankhwala ankamwa mosadumphitsa ndipo thupi linali litayamba kubwerera, koma manyazi anali asanachoke. N'chifukwa chake imelo ija itabwera sanatsutse. Anaganiza kuti mwamuna wake akufuna kuchotsa mwana pafupi ndi chifuwa, wangochita ulemu osanena. Analira, n'kuchapa zovala za mwanayo, n'kumuluka tsitsi yekha.

Tsopano anakhala pansi m'fumbi. Anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire.

Petronella anali atamva zonse, poti foni yake sinkadziwa kunong'ona. Mayiyu anagwirapo ntchito yolumikiza mafoni pakampani ina imene inatsekedwa, ndipo makutu ake sanapume pantchito ngakhale tsiku limodzi. Anapinda ambulera, nakulunga foni m'chitenje.

"Nyamukani, amake Tiwo. Kulira tizalira pambuyo."

"Tiyende ku polisi, ba Petronella."

"Tizayenda, koma tiyende na dzina m'manja. Manje tikabauza chani? Ati mukazi wovala duku? Lusaka yonse ivala maduku. Ndani wina anaona imelo ija?"

"Ba mulamu, ba Chabwera. Ni bankhoswe bathu. Banabwera madzulo pa Mande kuchokera ku maliro, nabaonetsa. Banakamba ati mau ya mwamuna sabwezera."

"Hmm," anatero Petronella. "Tiyambe na ba Whyson."

*

Bizinesi ya Whyson inali m'kontena yopakidwa utoto wobiriwira kuseri kwa msika. Munali kompyuta imodzi, pulinta, ndi fani imene inkangotembenuza mpweya wotentha womwewo. Anthu a ku Matero amene abale awo anabalalikira kunja kukasaka ntchito ankalandira maimelo awo pa adiresi ya kontenayo, iye n'kumawapulintira. Mwiniwakeyo ankavala tayi ngakhale mwezi wa Okutobala.

Anamvetsera nkhaniyo akupukusa mutu, kenaka anatsegula pulogalamu ya maimelo n'kuloza pagalasi ndi bolopeni.

"Ba mayo, onani mweka. Wotumiza, Mathews. Adiresi, ni yamene ija ya masiku onse. Kompyuta sinama. Kapena ba boss banamwako pang'ono baiwala, ku Botswana kuja kuli laifu."

Elina anayang'ana dzina la mwamuna wake pagalasipo, mutu unaima. Kodi Mathews akanamunamiza? Koma mawu aja a pafoni anali a munthu amene mtima wachoka m'malo.

Petronella anakoka mpando, nakhala ngati wabwera kudzacheza.

"Ba Whyson, tsiku lija ninatuma imelo kwa mwana wanga ku Kitwe, munanifunsa ngati nili na adiresi yanga. Chifukwa chani?"

"Ni sisitemu yathu. Kasitomala wamene ali na adiresi yake, timailemba mu bokosi ya wotumiza, kuti yankho iyende kwa eve. Wamene alibe, timasiya ya pano."

"Nionetseni bokosi."

Whyson anadina apa ndi apo. Panatuluka kabokosi ka mizere iwiri, wa dzina ndi wa adiresi.

"Manje nikalemba apa dzina na adiresi ya munthu wina, kompyuta izanifunsa chitupa?"

"Awe, siifunsa."

"Olo nilembe dzina ya malemu bamuna banga, bamene bali ku manda ku Chingwere, imelo izayenda?"

Whyson anamasula tayi pang'ono. "Ingayende."

"Nikaituma ku adiresi ya kontena ino, izazunguluka n'kubwera pamene pano, imwe n'kupulinta?"

Fani inapitiriza kuzungulira. Thukuta linayamba kutsika m'masaya mwa Whyson. Elina anamva ngati pansi pakupendekeka. Ndiye kuti mawu amene anam'landa mwana mwina sanawoloke malire alionse, analembedwa pampando womwewu.

Anadumpha n'kugwira Whyson malaya. Manja ake anali owonda koma anagwira ngati pulayala.

"Ndimwe! Mwana wanga mwamugulitsa kuti?"

"Si ine, ba mayo, nalumbira! Mverani. Pa Mande ninayenda ku lanchi. Makasitomala bozibika, bamene batayipa beka, nimabasiya. Pobwera ninapeza adiresi ya ba Mathews mu bokosi muja. Ninaganiza ati ni vayirasi, nachotsa chabe."

"Munaona adiresi ya munthu ali ku Botswana mu kompyuta yanu, n'kukhala zii?" anafunsa Petronella.

"Bizinesi, ba mayo. Banthu bakamva ati muli vayirasi, bathawa."

"Tionetseni maimelo yamene yanatumiwa pa Mande."

"Palibe. Ninabaphunzitsa neka kufufuta bakatsiriza. Pulaivesi."

"Ndani anakhala apa nthawi ya lanchi?"

"Siniziba. Nenze ku lanchi."

Elina anamusiya malaya aja. Dzuwa linali litakwera, ndipo ola lililonse linkapititsa Tiwo kutali, kunjira imene iye sankaidziwa. Anasowa mtengo wogwira. Koma Petronella anali akuyang'ana kudenga la kontena, milomo ikugwedera ngati akubwereza mawu a munthu.

"Amake Tiwo, bamuna banu banakamba ati balandira chani china? Mabelo ya majekete?"

"Nilibe nazo nchito za majekete ine!"

"Muli nazo. Wamene anaika adiresi ya ba Mathews mu bokosi anaiwala kuichotsa. Wina anabwera pambuyo pake, anatuma imelo yake ku Dar, yanyamula dzina ya ba Mathews. Ndiye chifukwa yankho yagwera ku Botswana. Uyo munthu anaona wamene ananyamuka pa mupando." Anatembenukira kwa Whyson. "Ndani aoda mabelo ku Dar?"

"Ba Emelda," anayankha Whyson mofulumira, ngati munthu amene wapeza khomo m'nyumba yoyaka.

*

Emelda sankafunika kumufunafuna. Mawu ake ankamveka munthu asanalowe mumzere wa salaula, wogulitsira zovala za kaunjika. Anali ataima pakati pa mulu wa majekete, lamba wa kachikwama atam'manga pamimba, akukalipira mayi wina amene anayesa zovala zambiri osagula.

"Whyson? Musanikambireko uja kabolala!" anakuwa atangomva dzinalo. "Natuma oda pa Mande, lelo ni Chinayi, yankho kulibe. Mabelo yanga bazapatsa benangu. Tayi chabe, nzeru kulibe!"

"Yankho yanu ili ku Botswana," anatero Petronella. "Nizakufotokozerani. Munatayipa mweka?"

"Nanga ndani? Ine niziba kwanga kodina. Nalemba, natuma, nafufuta, nayenda. Vina vija sinigwirako."

"Munapeza mupando ulibe munthu?"

"Ulibe munthu kuti! Ninaimirira mpaka miyendo kuwawa. Mudala atayipa na chala chimozi monga nkhuku idya chimanga. Nasendera ati nione ngati atsiriza, eve aphimba galasi na chisote. Nati, ba tate, sinibwerera kuwerenga va chikondi vanu ine. Anyamuka mwamusanga, mpaka mupando kugwa."

"Mumuziba?" anafunsa Elina.

Emelda anamuyang'ana koyamba, nkhope yake inasintha.

"Iye, amake Tiwo, ndimwe? Nanga si ba mulamu banu baja, ba kalembera ba chalichi ku George? Bamabwera kutuma va chalichi."

"Iyayi," anatero Elina. "Pa Mande benze ku maliro tsiku lonse. Baniuza beka."

"Maliro benze kuyenda, inde. Banavala jekete yakuda, yamene ninabagulitsa ine na manja yanga aya. Banakamba ati sole mayi, nithamangira lole ya ku manda. Manje chachitika n'chani? Mwana ali bwanji?"

Elina anali atayamba kale kuthamanga.

*

Kuchokera ku Matero kukafika ku komboni ya George si kutali kwa munthu wa mapapo abwino. Elina anaima kawiri panjira, atagwira khoma la eni ake, akutsokomola mpaka misozi. Petronella ankamusisita pamsana. Chinkamupweteka kwambiri Elina si chifuwacho. Ankakumbukira mmene anagwadira pamaso pa mlamu wakeyo Lolemba madzulo, n'kumupatsa pepala ndi manja awiri, kupempha nzeru kwa mwini msampha.

Anam'peza Chabwera, mkulu wake wa Mathews, atakhala pakhonde akupukuta nsapato. Anali munthu wa imvi zoyamba kumene, wolankhula pang'onopang'ono ngati nthawi zonse ali kutsogolo kwa mpingo.

"Fikani, mlamu. Mwayenda padzuwa chotere ndi thupi lanulo?"

Petronella anatsina Elina pamkono kuti akhale chete, nayamba ndi iye.

"Tabwera kufunsa chabe, ba tate. Ba Marjory batumako mau? Bafika pati?"

"Aa, pofika pano ayenera kuti awoloka pa Kazungula kulowa m'Botswana. Musade nkhawa, mwana ali m'manja abwino."

"Mubaziba ba Marjory?"

"Ayi, ndingomva m'kalata ya mng'ono wanga."

"Manje muziba bwanji kuti manja yao ni yabwino?"

Burashi inaima pansapato.

"Ba Mathews batuma foni lelo kuseni," anapitiriza Petronella. "Imelo sibaiziba, Marjory sibamuziba. Ba Emelda ba salaula bakupatsani moni. Bakuti chisote chanu chinaphimba bwino galasi, koma bokosi ya wotumiza munaisiya na adiresi ya mufana wanu."

"Ine za makompyuta ndazidziwira kuti? Ndinali kumaliro."

"Munayenda ku maliro, inde, kuchokera mu kontena. Tiyende tonse ku polisi, ba Emelda na ba Whyson bazatipeza kwamene kuja."

Chabwera anaika nsapato pansi mosamala, pafupi ndi inzake. Sanachite manyazi. Anawongola msana, nayang'ana Elina ngati mmene amayang'anira munthu wogona pamphasa m'chipatala.

"Chabwino. Ndine. Ndipo sindinabe, mwana ndi wathu, malowolo tinapereka. Tinakhala pansi a banja. Tinamuuza Mathews kuti mwana apite kumudzi ku Lundazi kwa agogo ake zinthu zisanafike poipa, iye anakana, mtima wake ndi wofewa. Mlamu, tisanamizane. Taika anthu angati a matenda amenewa? Tonse tili ndi maso. Kodi mufuna mwana adzakuoneni mukutha? Mukadzapita, a kwanu adzam'tenga, ife osamuonanso."

Elina anamva mawuwo akulowa amodziamodzi. Anthuwa anakhala pansi, mwina ndi tiyi patebulo, n'kumuika m'manda iye akutsuka mbale kwake.

"Mako ni mako, angachepe mwendo," anatero Petronella. "Mwana ali kuti?"

"Zimenezo sindinena. Kandimangitseni. Pomwe apolisi azidzamaliza kulemba, mwana adzakhala atafika. Mukam'tenge kumudzi kwathu ngati mungathe."

Apa Elina anadziwa kuti mwanayo akadali mu Lusaka, poti akananyamuka dzulo bwenzi atafika kale, komanso kuti sakhalamo nthawi yaitali. Anagwada. Anapempha m'dzina la Mulungu, m'dzina la Mathews, anagwira mapazi a mlamu wake. Chabwera anangoyang'ana kumbali, natolanso burashi yake. Anthu oyandikana nawo anali atayamba kusonkhana kumpanda wa maluwa, poti ku George mkangano suchedwa kupeza mboni.

Elina anaimirira. Misozi inali itauma. Anavula duku n'kuliponya pansi. Anamasula chitenje, chinagwera m'fumbi. Kenaka anayamba kumasula mabatani a bulauzi, kuyambira pakhosi.

"Mwaniika kale m'manda, ba mulamu. Mutembo ulibe nsoni. Bwerani musambike mutembo wanu. Onani thupi yamene mwaiweruza!"

Kumpanda kuja amayi anakuwa. Palibe amene sadziwa kuti mkazi akavulira mlamu wake pagulu chifukwa cha mkwiyo, ndi tsoka limene silichoka ndi sopo, ndipo mwamuna woteroyo sakhalanso ndi nkhope yoimirira nayo kutsogolo kwa mpingo. Chabwera anadumpha ngati wapondera khala la moto, anaphimba maso ndi manja onse awiri.

"Mlamu, musatero! Amayi inu, m'gwireni!"

Palibe anasuntha. Batani lachiwiri linamasuka, lachitatu.

"Ku Chainda!" anakuwa Chabwera, nkhope ili kukhoma. "Kwa Marjory, msuweni wa akazi anga. Pali lole ya feteleza yopita ku Lundazi, yaima pamsewu waukulu. Inyamuka ikangomaliza kupakira. Valani, chonde, valani!"

Petronella anatola chitenje n'kumufunditsa Elina, dzanja linalo atagwira kale lamba wa Chabwera.

"Aba nizabaperekeza neka ku polisi. Imwe thamangani. Ba Jameson!" anaitana bambo wina amene anali kumpandako, mwini galimoto yakale yonyamula anthu mobisa. "Lizani injini. Vina tizakambirana."

*

George ali kumadzulo kwa mzinda, Chainda kum'mawa kwenikweni, ndipo pakati pake pali Lusaka yense ndi maminibasi ake oima paliponse. Galimoto ya Jameson inkalowa m'tinjira ta m'makomboni, ikugunda m'maenje, chitseko chimodzi atachimanga ndi waya. Elina sanaone chilichonse cha panjira. Ankangopemphera pemphero la mawu awiri, musanyamuke, musanyamuke, ngati woyendetsa loleyo angamumve.

Atadutsa mphambano ya ku bwalo la ndege anaiona. Lole yaikulu inali m'mbali mwa msewu, matumba atamangidwa kale ndi zingwe, utsi wakuda ukutuluka kumbuyo. Pamwamba pa matumbawo panakhala anthu ndi akatundu awo. Matayala anali atayamba kugudubuzika.

Jameson anapinda galimoto yake kutsogolo kwa loleyo. Mabuleki analira, woyendetsa lole anatulutsa mutu akutukwana, akuliza hutala. Elina anali atatsika kale, akuthamanga m'mbali mwa lole, maso ali m'mwamba.

"Tiwo! Tiwo!"

Anamuona. Tiwo anali atakhala pakati pa matumba, pafupi ndi mayi wa duku uja, atakumbatira kachikwama kake ka kusukulu. Maso ake anali otupa.

"Tiwo, ni ine. Seluka, mwana wanga."

Elina anatambasula manja, kuyembekeza kuti mwanayo adziponya. Koma Tiwo anabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda thumba. Ankayang'ana amayi ake ngati chinthu chotuluka m'tchire.

"Ba anti banakamba ati munafa usiku," anatero ndi mawu aang'ono.

Onse a pamwamba pa lole anatembenukira kwa Marjory. Mayiyo anagwira pakamwa.

"Enze kulira maningi, osadya," anatero. "Ba Chabwera banati nimuuze chabe, aleke kufunsa. Banati ni nkhani ya masiku."

Elina anafuna kukwera kuti akam'khadzule mayiyo, koma mphamvu zinali zitatha, ndipo mwana wake ankamuopa. Chimenecho chinamupweteka kuposa zonse za tsikulo. Anaponda patayala, nagwira chingwe, nadzikoka mpaka dzanja lake linafika pamphepete pa matumba. Analitambasula, chikhatho chili m'mwamba.

"Sinizakugwira. Iwe unigwire. Bakufa bamazizira, Tiwo. Gwira uone."

Woyendetsa anasiya kuliza hutala. Tiwo anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Anasendera pang'ono, natambasula chala chimodzi, nakhudza pakati pa chikhatho chonyowa ndi thukuta. Anachotsa msanga. Anakhudzanso, ulendo uno ndi dzanja lonse.

"Amami, mupya," anatero, atamva kutentha kwa dzanjalo.

"Nathamanga, mwana wanga."

Mwanayo anadziponya ndi mphamvu moti onse awiri anagwera pansi m'fumbi la m'mbali mwa msewu. Elina anatsokomola, natsokomolanso, koma Tiwo sanam'siye khosi.